Phazi Linakana Chimbale

Zala sankayang'ana munthu kumaso. Ukamalankhula naye, maso ake ankatsika pang'onopang'ono, kudutsa pachifuwa, kudutsa m'mawondo, mpaka kukaima pamapazi pako, ndipo ankakhala pomwepo mpaka utamaliza. Osamudziwa ankati ndi wamanyazi. Ena ankayamba kumuthandiza kufunafuna, poganiza kuti wagwetsa kiyi.

Koma Zala anali woimba ng'oma m'bandi ya roko yotchedwa Ziphaliwali, ndipo bandiyo inakulira m'timaholo topanda siteji, momwe oimba ndi ovina amaponda simenti imodzi. Wang'oma amakhala kumbuyo. Nkhope za anthu saziona, amangoona mapazi kudzera pakati pa miyendo ya anzake a magitala.

"Pakamwa pamanama," ankatero. "M'manja namo mumanama, munthu amaomba chifukwa mnzake waomba. Koma phazi lilibe ulemu. Nyimbo ikakugwira limagunda. Ikapanda kukugwira limangoti phee."

Ndi mmene anamupezera Tsabola.

Dzina lenileni la mtsikanayu linatsalira kusukulu. Kunyumba, mumsewu, ndi m'sitolo ya nsapato momwe ankagulitsa, aliyense ankangoti Tsabola, chifukwa akakuuza zoona unkafuna madzi akumwa. Ku shoo ya Ziphaliwali anachita kukokedwa ndi achimwene ake, fanzi wa bandiyo kuyambira isanakhale ndi sipika yakeyake. Anaima kutsogolo atavala nsapato zofiira. Anthu onse ankadumpha motsatira gitala, koma nsapato zofiirazo zinkatsatira ng'oma yaikulu ya kuphazi, ngakhale pomwe Zala ankakhotetsa dala kuti asokoneze ovina.

Patapita masiku, Zala analowa m'sitolo muja kufuna zingwe za nsapato. Wailesi inkaimba. Anangoima pakhomo, maso ali pansi pa kauntala, pomwe phazi lina linkagunda motsatira ng'oma.

"Ndi inu," anatero.

"Bambo, nkhope yanga ili kumtunda kuno. Pansipo pali zogulitsa, koma zomwe mukuyang'anazo zili ndi mwini wake."

Anaseka, anagula zingwe, n'kubweranso tsiku lotsatira kudzagula zina. Zingwe zitadzaza thumba la jekete, Tsabola anamuuza kuti ngati akufuna kutsegula sitolo yake zakwana, ngati akufuna kufunsira afunsire, kumbuyoko kuli anthu akudikira.

Chaka chinali chitatha chiyambireni, ndipo zinkayenda bwino moti Tsabola nthawi zina ankachita kufufuza choti akwiyire, n'kuchisowa.

*

Chimbale chatsopano cha Ziphaliwali, chotchedwa Pakhonde, chinatuluka Lachisanu. Loweruka masana Zala anamuitanira kuchipinda chake kuti achimvere limodzi.

M'chipindamo ng'oma zinalanda malo a mipando. Makoma anali omatidwa makatoni a mazira kuti eni nyumba asamadandaule, ndipo ketulo inkakhala pamwamba pa sipika yakufa. Zala anamupatsa mpando umodzi womwe unalipo ndi kapu ya tiyi, iye n'kukhala pansi atatsamira bedi. Tsabola anadziwa chifukwa chake anasankha pansi.

"Mpando wako m'basi ya bandi ndasunga kale," anatero Zala akulumikiza foni ku sipika. "Tikamakazungulira nacho chimbalechi, ukhala pafupi ndi ine. Abwana ako avomera?"

"Avomera. Akuti ndipite makasitomala apumeko. Ika nyimbozo."

Chimbale chakale, Fumbi, chinkayamba ngati lole ikutsitsa malata. Tsabola anakonzeka, anagwiritsitsa kapu. M'malo mwake munatuluka kagitala kofewa, koyenda monyang'ama ngati munthu wobwera mochedwa kumaliro. Anadikira kuti ng'oma ziphulike. Zinabwera, inde, koma mogogoda, ngati mlendo wofunsa njira. Nyimbo yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inali ya mkazi wa nsapato zofiira, ndipo mawu ake anali okoma ndithu, koma Tsabola anapezeka akuwerenga makatoni a pakhoma.

Anayang'ana Zala. Mwamuna wamkulu ndi mapewa ake, atakumbatira mawondo ngati mwana wodikira zotsatira za mayeso, maso ali pa phazi lake lamanja. Phazilo linali phee.

Apa ndi pomwe Tsabola anachita chinthu chomwe sanachitepo chibadwire. Anamumvera chisoni munthu, n'kulilamula phazi kuti ligunde. Linagunda. Analiyendetsa choncho nyimbo ndi nyimbo ngati akupopa makina osokera. Chakumapeto kokha, pa nyimbo yotchedwa Tsekula, ng'oma zinadzuka pakati, phazi n'kumulanda ulamuliro kwa kanthawi, koma asanati n'komwe asangalale zinagonanso.

Chimbale chinatha. Ketulo inkalira yokha.

"Bwanji?" anafunsa Zala.

"N'chabwino. Chakhwima. Zikuoneka kuti mwakula."

"Zikomo," anatero Zala. Ndipo anadzutsa mutu n'kumuyang'ana kumaso, nthawi yaitali. Tsabola anali atalakalaka chaka chonse kuti mwamunayu adzamuyang'ane choncho. Zitachitika, tiyi anamuzizirira m'kamwa.

*

Kunyumba anapeza achimwene ake atakhala patebulo ndi foni, atavala malaya a Ziphaliwali osuluka aja, omwe amayi anayesapo kangapo kuwasandutsa chokolopera. Achimwenewo ntchito yawo inali yowotcherera zitsulo, ndipo mawu awo anazolowera kupikisana ndi makina. Ankawerengera amayi mokweza zomwe mafanzi ankalemba pagulu lawo la pafoni.

"Tamvani uyu. 'Ndinapempha roko, andipatsa mankhwala ogonetsa.' Winanso uyu. 'Mwana wanga wakhanda ankavuta kugona. Zikomo Ziphaliwali, banja lathu lapeza mtendere.'"

"Amenewo ndi mwano," anatero amayi akupukuta mbale. "Palibe woyamikira?"

"Alipo, ofooka. 'Nyimbo yachitatu ndaimvera ndikuchapa, ndalira. Siyani anthu aimbe za chikondi.' Wina akuti, 'Bandi ikule, mukufuna azikuwa mpaka imvi?' Amuyankha kuti, 'Ee, mpaka imvi, mpaka ndodo.' Wina wangolemba kuti, 'Ng'oma zili kuti? Zala wadwala?'"

"Ine ndachikonda," anatero amayi. "Koyamba kumva mawu m'nyimbo zanuzi. Kale ndinkangoti mwabweretsa geti kudzawotcherera m'nyumba. Mnyamata uja ndinkamukayikira, koma munthu woimba choncho akhoza kusunga mkazi."

"Amayi, inu kuchikonda kwanuko ndiye vuto lenilenilo!"

Kenako anamuona Tsabola pakhomo, nkhope yawo n'kusintha. Anamutambasulira foni. "Werenga wekha zomwe wayankha Wapampando."

Wapampando anali mtsogoleri wa gulu la mafanzi, mkazi wamtali wa ndolo zazikulu, yemwe sanaphonyepo shoo ndipo ankadziwa tsiku lobadwa la aliyense m'bandimo. Analemba kuti: "Sanadwale. Wapeza nsapato yomukwana. Munthu akakhuta samenya ng'oma." Pansi pake panali tinkhope toseka tambirimbiri.

"Ukudziwa dzina lomwe andipatsa?" anatero achimwene. "Mlamu wa Tulo. Ine! Munthu woti ndinasenzapo masipika awo pamutu mvula ikugwa!"

"Ndiye ine ndalakwa chiyani? Ndinagwira timitengo ta ng'oma ndine?"

"Chemwali, tisabisane. Pomwe ankamenya Fumbi, mkazi anali atamuthawa. Ankagona m'chipinda choyeserera, kutsamira ng'oma. Aliyense akudziwa. Munthu uja amamenya bwino mtima ukamamuwawa."

"Ndiye mukufuna ndimuthawe kuti muzivina bwino?"

"Sindinatero ayi." Anakanda kumutu. "Ndangoti, mwina miyezi ingapo. Mpaka atulutse china."

Nsalu yopukutira mbale inauluka kuchokera m'manja mwa amayi n'kuwafika pakhutu.

"Ponyani, amayi, koma ndanena. M'nyumba muno asapondemo mpaka ng'oma zibwerere. Ndipo asiye kundiitana kuti alamu, sindinalandire udindo umenewo." Anatembenukira kwa mlongo wawo. "Iwe umadziwa nyimbo kuposa theka la gulu lija. Ndiyang'ane. Wachikonda?"

"N'chabwino," anatero Tsabola. "Chakhwima."

Achimwene anamuyang'ana ngati aona galu akudya masamba. Anaika foni pansi, n'kulankhula motsitsa, zomwe sizinkachitika kawirikawiri.

"Mwamva, amayi? Chikondichi sichinawononge bandi yokha. Tsabola naye wasukuluka."

Mawu a Wapampando anali atangomukanda pakhungu. Awa ndiwo analowa.

*

Masiku otsatira Zala sanakwiye, sanadandaule, ndipo zimenezo ndiye zinali zoopsa. Mauthenga ake anafupika ngati buluku la mwana wokula msanga.

"Wadzuka bwanji?" ankalemba Tsabola.

"Bwino. Tikuyeserera."

"Udutsa kusitolo?"

"Ndiona."

Za mpando wa m'basi sanazitchulenso.

Yemwe anadutsa kusitolo anali Wapampando. Analowa ndolo zikugwedera, anakhala pabenchi yoyesera nsapato, n'kutambasula mwendo ngati mwini sitolo.

"Ndikufuna zofiira, asisi. Ngati zanu zija zotchuka."

"Zofiira zatha."

"Ndipatseni zilizonse, zazing'ono pang'ono. Ine phazi langa ndi lochepa."

Tsabola anayang'ana phazilo, anakatenga bokosi, n'kugwada. Wapampando anakankha, anapotoza, anatuluka thukuta pamphuno, chidendene chikukanirabe kunja.

"Zimafutukuka," anatero.

"Sizifutukuka. Mukufuna kulowa pomwe simukwana, mungodzipweteka."

Wapampando anamwetulira, osavula nsapatoyo. "Ine sindinabwere kudzakangana. Zala ndamudziwa inu musanadziwe n'komwe kuti ng'oma imamangidwa bwanji. Pomwe anamuthawa mkazi uja, ndani ankamupititsira chakudya? Ife timamudziwa akakhala wamoyo. Panopa mwamuika pakhonde, mwamufunditsa bulangete, akuwodzera."

"Ndiye mwabwera kudzamudzutsa?"

"Ndinamuuza kale. Dzana, pamaso. Ndinati, Zala, chimbale chagona. Mukudziwa anati chiyani?" Anawerama, ndolo zikufika pafupi ndi nkhope ya Tsabola. "Anandithokoza. Anati bola pali wina amene samunamiza."

Tsabola anagwira chidendene cha nsapato n'kuikoka kamodzi, mwamphamvu pang'ono kuposa mmene ntchito imafunira.

"Mayo!"

"Pepani. Ndinakuuzani kuti ikupweteketsani."

Wapampando anavala zake, n'kuima pakhomo kukonza tsitsi pagalasi. "Ndamva kuti m'basi ya bandi muli mpando wosowa mwini. Ife a gulu tili ndi basi yathu, koma ine msana umandivuta, ndingakonde wofewa."

Atachoka, Tsabola anabweza nsapato m'bokosi, anazilongedza bwinobwino, n'kukhala pabenchi paja. Sanali munthu wolira, ndipo sanalire. Chomwe chinkamuwawa sichinali ndolo, kapena chakudya chakalekale chija. Chinali choti Wapampando analowa pakhomo lomwe iye mwini analisiya lotsekula. Kunena zoona kunali ntchito yake, ndipo anaisiyira wina.

Anauza mnzake wa pakauntala kuti akukadya, n'kutuluka.

*

Chipinda choyeserera chinali kuseri kwa malo ochapira magalimoto. Anyamata a magitala anali atapita kukagula chakudya. Zala anali yekha, atawerama pa ng'oma yaing'ono, akuimanga ndi kakiyi, kugogoda, kumvetsera, kumanganso.

"Ika chimbale," anatero Tsabola ali pakhomo.

"Unachimva kale. Chakhwima."

"Ndati ika."

Anakoka kreti, anakhala pakati pa chipinda, n'kuika mapazi onse awiri poyera. Kagitala kaja kanayamba.

"Iyi yoyamba, ng'oma zako zikupempha chilolezo. Kwa ndani? Dumpha. Yachiwiri ndi yoyamba yomweyo itavala malaya ena. Dumpha. Yachitatu ndi yanga, ndikudziwa, ndipo mawu ake ndinawalemba kuseri kwa chitseko cha wodirobu, usauze munthu. Koma ukuimenya ngati ukuopa kundidzutsa. Ine ndimaoneka ngati wodwala?"

Anapitiriza choncho mpaka kumapeto, osasiyako ndi imodzi yomwe. Pa Tsekula anakweza dzanja. "Apa pokha. Apa unaiwala kuti ndiwe munthu wabwino, ndipo zinakoma. Kenako unakumbukira."

Zala anazimitsa. Anatembenuza kakiyi m'manja. Maso ake anali atabwerera pansi, kwawo.

"Ndinadziwa tsiku lomwe lija," anatero. "Pakamwa ndikanakhululuka. Aliyense amandinamiza ndi pakamwa, ngakhale amayi anga. Koma iwe unanamiza phazi. Linkachedwa, Tsabola. Linkatsatira gitala. Iwe, kutsatira gitala! Ndinangoti, basi, ngati ili nalo layamba ulemu, ndiziyang'ana kuti?"

"Unakhala ngati mwana wamasiye pansi paja. Ndinakumvera chisoni."

"Usadzayambirenso."

"Sindidzayambiranso. Sichinandikhale n'komwe, chinkandithina."

Zala anaseka pang'ono, kenako nkhope inagwanso. "Koma mwina akunena zoona anthu aja. Ndikakhala pang'oma ndimafufuza ukali uja, sindiupeza. Kale ndinkangotseka maso, ulipo, wodzaza. Pano ndikatseka maso ndimakuona iwe ukukangana ndi kondakitala, n'kuyamba kuseka. Munthu ungamenye bwanji roko ukuseka?"

"Ayi, ayi, ayi. Ulesi wako usandisenzetse ine." Tsabola anaimirira, manja m'chiuno. "Anakuuza ndani kuti ng'oma imadya misozi? Mwana akasangalala samenya ndowa mpaka anthu oyandikana nawo kudandaula? Iwe unazolowera kuti mkazi uja azikugwirira ntchito, iwe kumangokhala n'kumawawidwa. Watha ameneyo. Fufuza kwina. Ndipo ngati ukufunadi wokukwiyitsa, ine ndilipo tsiku lililonse. Sindifunika kuchita kuthawa."

Zala anamuyang'ana mapazi, anamuyang'ana kumaso, n'kubwereranso kumapazi, ngati sakudziwa koti akhulupirire. Kenako anakhala pampando wake, anatola timitengo.

"Yachitatu," anatero. "Usandithandize."

Anayamba monga ilili m'chimbale, mofewa. Phazi la Tsabola linali phee, ndipo analisiya choncho. Zala analuma mlomo. Anabwereza, n'kuwonjezera ng'oma ya kuphazi. Phee. Anatukwana chamumtima, anakhotetsa, anamenya mbale yachitsulo mpaka fumbi linagwa kudenga, ndipo penapake pakati pa phokosolo chidendene chinadzuka chokha n'kugunda simenti. Chinapita naye mtunda ndithu, kenako chinaima.

"Mpaka apo," anatero Tsabola. "Kwinako ukadali m'tulo."

Zala anaponya mutu kumbuyo n'kuseka, thukuta likutsika m'khosi, kuseka kwa munthu amene wapeza chomwe ankati chabedwa.

"Tiye paulendo," anatero. "Chimbale chinatuluka, sindingachibweze. Koma pa shoo nyimbozo ndikhoza kuzimenya mwanjira ina. Uziima kutsogolo pomwe ndingakuone. Likafuna ligunde, likapanda kufuna lisagunde."

"Ndamva kuti mpando wanga ukufunidwa ndi wodwala msana."

"Wapampando? Anapempha. Ndinamuuza kuti pakhala ng'oma."

"Ng'oma?"

"Sindinkadziwa ngati ubwera. Koma bola ng'oma."

"Ndikaganiza," anatero Tsabola, ngakhale onse awiri ankadziwa kuti waganiza kale. Potuluka anakumana ndi anyamata a magitala atanyamula mapepala a chakudya. Woimba wamkulu anamufunsa mwaulemu kuti alamu, chimbale mwachiona bwanji. Tsabola anamuuza. Mnyamatayo anaima pomwepo mpaka chakudya chinazizira.

*

Tsiku lonyamuka, m'mawa, Tsabola anayala chikwama pabedi. Amayi anaima pakhomo la chipinda, manja atapinda pachifuwa.

"Mwana wamkazi kuyendayenda ndi anyamata a magitala. Anthu ati chiyani?"

"Anena kale zonse, amayi, zili pafoni. Ndizikagona chipinda chimodzi ndi mkazi wa woimba wamkulu, amapita nawo kukagulitsa malaya a bandi. Mukamuona mungamve chisoni anyamatawo, osati ine."

"Ndipo akabwerako abwere kuno adzakhale pampando ngati munthu. Zongokumana m'misewu zatha. Nyumba ino ndi yanga, si ya mchimwene wako."

"Ndimuuza."

Amayi analowa, anachotsa bulauzi yomwe Tsabola anaiponya mwachisawawa, n'kuipinda bwino. "Umuuzenso kuti nyimbo yachitatu ija asaisinthe."

"Imeneyo ndiye yayamba kale kusintha."

"Ana inu," anatero amayi, "chinthu chikangokoma mumachiwononga."

Tsabola anaseka, anaika sopo, thaulo, jekete. Mtima unali m'malo. Anatuluka kukatenga mswachi, ndipo pakhomo lalikulu anapunthwa pa chikwama china, chakuda, chonunkha utsi wa zitsulo. Achimwene anali patebulo akumanga nsapato, atavala malaya osuluka aja.

"Mukupita kuti?"

"Komwe ukupita iwe. Basi ya gulu inyamuka pambuyo pa yanu." Sanadzutse mutu. "Chemwali, ndikuuziretu, usadzati sindinanene. Gulu lagwirizana. Pa shoo yoyamba, akangoyamba nyimbo ya m'chimbale chatsopano, tonse titembenuka. Tiwapatsa misana mpaka abwerere ku Fumbi."

"Nzeru za Wapampando."

"Nzeru za gulu."

"Ndipo inu mwavomera."

Anakoka chingwe mpaka chinatsala pang'ono kuduka. "Asankha ine kuti ndiyambitse. Akuti ndikatembenuka ine, aliyense aona kuti sindikondera. Dzina lija lichoke." Anapumira m'mwamba. "Sindikudana naye mnyamata uja, ukudziwa. Ndikufuna abwerere, basi. Koma iwe ukaima kutsogolo, ukhala wekha woyang'ana kung'oma, holo yonse itakupatsa msana. Adzakujambula, adzakuseka. Tsala, chemwali. Upite ulendo wina."

Tsabola anaima ndi mswachi m'manja. Anaiona holoyo m'maganizo: misana yokhayokha, ndolo za Wapampando zikugwedera, ndi iye yekha pakati. Ndipo panali china chomwe achimwene sankachidziwa. Iye anali atalonjeza kuti sadzalilamulanso phazi. Zala akakalephera, nalo likakhala phee, pamaso pa anthu onsewo, ndipo limenelo likamupweteka kuposa misana yonse pamodzi.

Anabwerera kuchipinda. Anagwada, anasolola bokosi pansi pa bedi, anatulutsa nsapato zofiira, anazipukuta ndi m'mphepete mwa chitenje cha bedi, n'kuziika pamwamba pa zovala. Zipi inavuta pakona, anaikanikiza ndi bondo mpaka inatseka.

Anatuluka nacho chikwamacho n'kuchiika pafupi ndi chakuda chija, mapewa kugundana.

"Katembenukeni, achimwene," anatero. "Koma muiwala chinthu chimodzi inu ndi gulu lanu. Zala sayang'ana nkhope. Mukamupatsa misana, zidendene zanu ndiye aziziona bwino."

Achimwene anayang'ana pansi, pa nsapato zawo zazikulu za kuntchito, n'kuzikokera pang'onopang'ono kunsi kwa tebulo.

Kunja, basi ya bandi inaliza hutala.